Malinki a mu Excel akukana kundifikitsa pa sheet yoyenera, thandizeni

Anambewe a ku Mpondasi: Moni nonse a m'gulu muno. Ndine mlembi wa banki mkhonde ya amayi ogulitsa nsomba, ndipo kaundula wathu yense ali mu fayilo imodzi ya Excel. Gulu lililonse lili ndi sheet yakeyake, palinso ya masheya, ya ngongole, ya zindapusa, ndi yoyambirira imene tinaitcha Chiyambi. Pa Chiyambipo mwana wa achemwali anga anatiikira malinki, ukadina dzina la gulu umafika pomwepo. Tsopano ena akugwira, ena akukana. Ukadina kukutuluka kabokosi kolembedwa kuti "Reference isn't valid". Loweruka tikugawana masheya, ndipo mayi aliyense amafuna aone mzere wake ndi maso ake. Mnyamata anatikonzerayo ali ku Joni, foni yake sikupezeka.

Aphunzitsi a ku Malindi: Mwaswera bwanji mayi. Ndiyambe ndi funso limodzi. Ma sheet akukanawo, alipo amene anawasintha mayina posachedwapa? Yang'anani m'munsi muja mmene mumaoneka mayina ake.

Anambewe a ku Mpondasi: Ndaswera aphunzitsi. Eya, msungichuma wathu anakonzakonza mwezi watha. Imene inali Makawa anailemba Makawa Gombe, imene inali Ngongole2 anailemba Ngongole zazing'ono. Amati mayina azimveka bwino.

Aphunzitsi a ku Malindi: Nkhani yagona pamenepo. Mtima pansi, ndalama zanu palibe yafufutika. Linki ya mu Excel imangosunga adilesi yolembedwa ngati mawu wamba, monga Makawa!A1. Dzina la sheet likasintha, mafomula owonkhetsa ndalama amatsatira okha dzina latsopanolo, koma adilesi ya m'linki imakhala chikhalire ndi dzina lakale. Ikafunafuna Makawa n'kumusowa, ndi pomwe ikutulutsa kabokosiko. Dinani batani lakumanja la mausi pa linkiyo, musankhe Edit Hyperlink. Kumanzere kuli Place in This Document, dinani pamenepo, ma sheet onse atuluka mumndandanda. Sankhani Makawa Gombe, kenako OK.

Anambewe a ku Mpondasi: Ya Makawa yatheka! Zikomo. Koma pa ya ngongole sindikuona Edit Hyperlink ayi.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Mayi, imeneyo ndiye kuti inapangidwa ndi fomula. Malinki alipo amitundu iwiri, a Ctrl+K ndi a fomula ya HYPERLINK, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana. Musaidine ndi mausi, ikuthawitsani. Dinani selo ya pambali pake, mufike pa iyoyo ndi mabatani a mivi, kenako muwerenge zimene zalembedwa mu kamzere ka pamwamba kaja. Titumizireni momwe zilili.

Anambewe a ku Mpondasi: Palembedwa chonchi
=HYPERLINK("#Ngongole2!B4";"Ngongole")
Ndachotsa Ngongole2 n'kulembapo Ngongole zazing'ono koma ikukanabe.

Aphunzitsi a ku Malindi: Dzina limeneli lili ndi zinthu ziwiri zimene Excel safuna kuzilandira chisawawa. Choyamba ndi mpata wa pakati pa mawu awiriwo. Dzina la sheet likakhala ndi mpata, liyenera kutsekeredwa ndi nkhodolero kumayambiriro ndi kumathero, chonchi: 'Makawa Gombe'!A1. Chachiwiri ndi nkhodolero imene ili kale m'kati mwa mawu oti zazing'ono. Excel akaifika amaona ngati dzina lathera pomwepo, pa zazing, ndipo ono wotsalayo sadziwa chochita naye. Mankhwala ake ndi kuilemba kawiri motsatizana. Lembani chonchi:
=HYPERLINK("#'Ngongole zazing''ono'!B4";"Ngongole")
Onetsetsani pakati pa g ndi o. Pali nkhodolero ziwiri zoyandikana, si mtengero umodzi ayi, ngakhale pa foni zimaoneka zofanana. Ife olemba m'Chichewa izi zimatipeza kawirikawiri chifukwa ng' ali ponseponse, ng'ombe, ng'oma, pang'ono.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Ine sindivutika n'kuloweza zimenezo aphunzitsi. Ndimapita pa selo yopanda kanthu, ndilembe =, ndidine sheet ndikuifunayo, ndidine selo yake, Enter. Ndikabwerera kukaona fomulayo ndimapeza Excel walemba yekha adilesi yonse ndi nkhodolero zake m'malo mwake. Ndimangokopa n'kuika kumanja kwa hashi (#) ija, m'kati mwa mitengero. Sizinandiphonyepo.

Aphunzitsi a ku Malindi: Njira yabwino kwambiri imeneyo, ndiwaphunzitsa anzanga kusukulu.

Akalaliki a pa Boma: Ndiwonjezerepo kayesedwe. Musanayambe kulimbana ndi fomula, dinani F5, kutuluka kabokosi ka Go To. M'munsi mwake lembani adilesi yokhayo, yopanda hashi, mudine Enter. Ikakufikitsani, adilesi ili bwino, vuto lili kwina. Ikakana, musataye nthawi ndi zina, konzani adilesiyo kaye. Anthu amafika pochotsa Office yonse n'kuikanso chifukwa cha kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina la sheet, komwe ndi maso sikaoneka.

Anambewe a ku Mpondasi: Ndakopa ya aphunzitsi ija kuchokera pa foni kudzera mu Word chifukwa ndinafuna ndiisunge, ndiye ndinailembanso pang'ono mmenemo. Tsopano ikunena kuti "There's a problem with this formula".

Akalaliki a pa Boma: Word amapinda mitengero mukamalemba, amaisandutsa yokhotakhota yooneka bwino m'kalata. Excel amafuna yowongoka. Fufutani mitengero yonse ndi nkhodolero zonse, muzilembenso ndi dzanja muli mu Excel momwemo. Posungira mafomula gwiritsani Notepad, iyeyo sakongoletsa kanthu.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Ndaonanso kanthu kena pa fomula ya mayiwa. Pakati pali chizindikiro cha ; osati mpatuliro wamba. Laputopuyo inachokera ku Joni eti?

Anambewe a ku Mpondasi: Eya, anabwera nayo mnyamata yemweyo.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Ndimadziwa. Zambiri zobwera uko zimakhala zinatcheredwa dera la South Africa, ndipo kumeneko Windows amagwiritsa mpatuliro pa madesimo, ndiye polekanitsa zigawo za fomula amaika ;. Aphunzitsi anaona kale, n'chifukwa anakulemberani ndi ;. Koma mukakopa fomula kwa munthu wina kapena pa intaneti yokhala ndi mipatuliro, pa makina anuwo ikana. Muzingosintha mpatuliro uliwonse wolekanitsa ukhale ;. Fayilo yokha ilibe vuto, mukaitsegula pa kompyuta ina imasintha yokha kutsatira makinawo.

Anambewe a ku Mpondasi: Yagwira tsopano. Ndafika pa B4 penipeni. Mulungu akudalitseni ana anga.

Angozo a ku Msaka: Usipa wouma wabwino ulipo abale, wa pa thandala, ofuna andipeze kumbali.

Adimini: Angozo, malonda ndi Lachisanu. Lero tikuthandiza mayiwa.

Angozo a ku Msaka: Pepani akuluakulu.

Aphiri a ku Makawa: Ine ndinene zoona, mavuto onsewa mukudziputira. Pa loji pomwe ndimagwira ntchito tinasamukira ku Google Sheets. Kumeneko linki siitsata dzina la sheet, imatsata nambala yake yotchedwa gid, imene imaoneka kumapeto kwa adilesi ya pamwamba. Sheet yoyamba kawirikawiri imakhala gid=0. Fomula yake imakhala chonchi:
=HYPERLINK("#gid=0&range=B4","Ngongole")
Msungichumayo asinthe dzina m'mawa ndi madzulo, nambala ija siisintha. Komanso mukadina kumanja pa selo, muli njira yotengera linki ya selo imeneyo, n'kutumiza pa WhatsApp, munthu akafika pomwepo.

Abiti a ku Namwera: Aphiri, mukuyankhula muli pa waifai ya abwana anu. Amayi a banki mkhonde amakumana pansi pa mtengo, bandulo amagula ya tsiku limodzi. Kuno kumapiri netiweki imachita kuisaka. Fayilo ya pa laputopu imatseguka ngakhale foni ilibe ndi kamzere kamodzi komwe.

Aphiri a ku Makawa: Ilipo njira yogwiritsa popanda intaneti, mumangoitchera pasadakhale.

Akalaliki a pa Boma: Ilipodi, koma musawauze mayiwa asamuke kwatsala masiku ochepa kuti agawane ndalama. Fomula ya Excel ija ya "#'Makawa Gombe'!A1" Google Sheets saimva, ndipo ya gid ija mukaitsitsa kukhala fayilo ya Excel siigwira, chifukwa Excel sadziwa gid. Ndiye kuti malinki onse alembedwenso. Ndipo muwachenjeze anzanu pa lojipo. Mukaika linki yathunthu, yoyamba ndi https, kenako n'kupanga kope ya fayiloyo ya chaka chatsopano, malinki a mu kopeyo amakubwezerani ku fayilo yakale. Munthu amalemba ndalama za chaka chino m'buku la chaka chatha osazindikira, poti maonekedwe ndi amodzimodzi.

Aphiri a ku Makawa: Imeneyo ndiye ndikaione mawa, athu ambiri ndi a https.

Abiti a ku Namwera: Poti nkhani yafika pa mapulogalamu ena, ine kuntchito tili ndi LibreOffice. Mnzanga wa ku Makanjira amanditumizira fayilo, ndikadina linki sichichitika chilichonse. Palibe uthenga, palibe kanthu. Ndimangoona ngati anandipatsa yowonongeka.

Aphunzitsi a ku Malindi: Abiti, yesani kugwira Ctrl kenako n'kudina. LibreOffice amabwera atatcheredwa choncho, kudina kokha sikutsegula linki. Mukafuna kuchotsa lamulolo, zili mu Tools, Options, Security. Chinanso, iyeyo mwachibadwa amalekanitsa sheet ndi selo ndi mpumiro, monga #Makawa.A1, pomwe Excel amafuna mfuwuliro, #Makawa!A1. Mukalemba fomula ya mpumiroyo n'kutumizira munthu wa Excel, kwa iye ikana, chifukwa zili m'mitengero ndi mawu chabe, palibe amene amazimasulira posunga fayilo.

Abiti a ku Namwera: Ctrl yathandiza. Sikomo aphunzitsi. Mnzanga uja ndimamunamizira.

Anambewe a ku Mpondasi: Pepani ndabweranso. Malinki onse akutseguka tsopano, koma pali china chandiopsa. Pa Chiyambi pali mayina a amayi, ukadina dzina umayenera kufika pa mzere wa mayi ameneyo. Ndadina dzina la mayi wina, yandifikitsa pa mzere wa mnzake wapamwamba pake, amene ali ndi ngongole yaikulu. Izi zikachitika Loweruka pamaso pa anthu kukhala ndewu.

Akalaliki a pa Boma: Ili ndiye vuto loopsa kuposa loyamba lija, chifukwa silifuula. Linki yokana umaiona, koma yokufikitsa pa munthu wolakwika umangoikhulupirira. Munalowetsa mamembala atsopano pakati pa mndandanda, kapena munasanja mayina motsatira afabeti?

Anambewe a ku Mpondasi: Analowa amayi atsopano mu Januwale, tinawaika pakati kuti akhale pafupi ndi a m'mudzi mwawo.

Aphunzitsi a ku Malindi: Ndi zomwezija za adilesi yosasuntha. Zili ngati mwauza mlendo kuti nyumba yanga ndi yachitatu kuchokera pa mjigo, kenako wina n'kumanga yake pakati. Mlendoyo akagogoda pa khomo lachitatu ndithu, koma la eni ake. Linki inauzidwa A12, ipita pa A12, kaya pakhala ndani. Njira yosavuta ndi kupatsa selo dzina. Dinani selo ya mayiyo, kenako pitani pa kabokosi ka pamwamba kumanzere kamene kamaonetsa A12, mulembemo dzina monga Membala_014, Enter. Mukamapanga linki ndi Ctrl+K, pa Place in This Document muona Defined Names, musankhe dzinalo. Mukalowetsa mizere pamwamba pake, dzina limatsetsereka limodzi ndi selo yake. Ngakhale dzina la sheet lisinthe, limatsatirabe.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Dzinalo lisakhale ndi mpata, lisayambe ndi nambala, komanso lisafanane ndi adilesi ya selo. Kasitomala wina amafuna kutcha maselo ake JAN2024, Excel akukana, iye akuti makina anga ndi achabechabe. Chonsecho JAN2024 ndi selo yeniyeni. Kuyambira Excel 2007 makolamu alipo 16,384, omaliza ndi XFD, ndiye JAN, FEB, MAR onsewo ndi makolamu. Tinangoika kamzere kapansi, JAN_2024, zinatheka. Sheet yotchedwa JAN2024 kapena 2024 imaloledwa, koma mu adilesi imafuna nkhodolero zija ngakhale ilibe mpata.

Akalaliki a pa Boma: Aphunzitsi, apa ndisiyana nanu pang'ono. Mayina ndi abwino pa malo osasuntha, monga pa chiwonkhetso cha masheya. Koma pa mamembala ayi. Tsiku lina msungichuma uja adzasanja mndandanda ndi Sort, zolembedwa zidzasuntha koma dzina la selo lidzatsala pomwe linali, n'kuyambanso kuloza munthu wina. Ndiponso kutcha dzina mayi aliyense payekhapayekha ndi ntchito ya usiku wonse. Bola linkiyo izimusaka yokha munthuyo ndi nambala yake. Mayi, aliyense ali ndi nambala ya buku?

Anambewe a ku Mpondasi: Ali nayo, ili mu kolamu A, pa Chiyambi ndi pa sheet ya gulu pomwe.

Akalaliki a pa Boma: Ndiye zaphweka. Tinene kuti nambala ya mayiyo ili pa A5 pa Chiyambi. Pambali pake lembani:
=HYPERLINK("#'Makawa Gombe'!A"&MATCH(A5;'Makawa Gombe'!A:A;0);"Onani")
MATCH amayenda mu kolamu A ya Makawa Gombe kusaka nambala ili pa A5, akaipeza amabweza nambala ya mzere wake, ndipo & amailumikiza ku adilesi ija. Ziro wakumapetoyo musamusiye, ndi amene akunena kuti nambala ifanane ndendende. Mukatero kokerani fomulayo pansi kwa amayi onse a gulu limenelo. Lowetsani anthu pakati, sanjani momwe mungafunire, izimupezabe.

Aphunzitsi a ku Malindi: Pa Sort mwanena zoona achimwene, ndavomera. Koma onani kuti chigawo choyamba chija chidakali m'mitengero. Dzina la sheet likasinthanso, cha m'kati mwa MATCH chisintha chokha, choyambacho chitsala, tibwerera pomwe tinayambira.

Akalaliki a pa Boma: Zoonadi. Wofuna kutseka khomo limenelonso agwiritse iyi, momwe mulibe dzina la sheet m'mitengero:
=HYPERLINK("#"&CELL("address";INDEX('Makawa Gombe'!A:A;MATCH(A5;'Makawa Gombe'!A:A;0)));"Onani")
CELL amatulutsa yekha adilesi yonse monga ilili panthawiyo. Koma ndi yaitali, ndipo ikadzavuta mayiwa sadzadziwa poigwira. Ine ndikadakhala iwo ndikadatenga yoyamba ija n'kukhazikitsa lamulo pa msonkhano kuti mayina a ma sheet asakhudzidwe.

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Lamulo la pakamwa anthu amaiwala bwana. Pa Review pali Protect Workbook, mukatseka structure palibe angasinthe dzina la sheet, kuifufuta kapena kuibisa. Kulemba ndalama m'maselo kumapitirira bwinobwino. Pasiwedi yake muilembe m'buku la maminitsi, isakhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

Anambewe a ku Mpondasi: Ndaika ya MATCH ija. Ambiri akufika pa mzere wawo. Koma pa amayi atsopano aja pakutuluka #N/A.

Akalaliki a pa Boma: Ndiye kuti nambala sizikufanana ngakhale zikuoneka zofanana. Kawirikawiri kwina inalembedwa ngati nambala, kwina ngati mawu. Onani ngati pa ngodya ya selo pali kachizindikiro kobiriwira, kapena ngati nambala zina zatsamira kumanzere pomwe zinzake zili kumanja. Zakumanzerezo ndi mawu. Dinani kachenjezo kachikasu kamene kamatuluka pambali, musankhe Convert to Number. Zikakanabe, fufuzani mpata wotsalira kumapeto kwa nambalayo.

Anambewe a ku Mpondasi: Zinalidi kumanzere. Zasintha, #N/A yachoka.

Che Mwenye a ku Makanjira: Salamu aleikum abale. Ndakhala ndikungowerenga, langa ndi lina. Ndimasunga zithunzi za malisiti a mafuta a boti mu foda, ndipo mu Excel muli malinki opita ku lisiti lililonse ndi ku fayilo ina ya malipiro a alovi. Pa kompyuta yanga zonse zili bwino. Ndikaika pa fulashi kupita nazo kwa mwini boti, zikuti "Cannot open the specified file".

Wasteshonale wa ku Monkey Bay: Waleikum salamu Che Mwenye. Linki ilibe chithunzi m'kati mwake, ili ndi njira yokha yopita kumene chithunzicho chili. Ngati njirayo ikuyamba ndi C:\Users ndi dzina lanu, pa kompyuta ya eni boti kulibe malo amenewo. Pangani foda imodzi, muikemo fayilo ya Excel, fayilo ya malipiro ndi kafoda ka malisiti. Malinki muwalembe mwachidule, kuchokera pomwe fayiloyo ili, monga
=HYPERLINK("Malisiti\lisiti1.jpg","Lisiti")
Pokopera pa fulashi tengani foda yonseyo, osati fayilo yokha. Yopita pa selo ya mu fayilo ina imakhala dzina la fayilo, hashi, kenako sheet ndi selo, monga Malipiro.xlsx#Alovi!A1.

Akalaliki a pa Boma: Ndipo mukatumiza ngati zip, wolandirayo ayambe wamasula foda yonse. Akatsegula fayilo ili m'kati mwa zip, Windows amaikopera yokha kumalo ongoyembekezera, malisiti aja n'kutsala. Samalaninso ndi mafayilo otsitsidwa kawiri pa WhatsApp kapena pa imelo, dzina limawonjezeredwa nambala kumapeto, ndipo linki yosaka Malipiro.xlsx siizindikira dzina latsopanolo. N'chifukwa chake pa malinki a m'kati mwa fayilo imodzimodziyo ndimakonda kuyamba ndi hashi yokha, osatchula dzina la fayilo.

Che Mwenye a ku Makanjira: Ndamva. Anga akuyambadi ndi C. Ndikonza magetsi akayaka, batire latsala pang'ono.

Abiti a ku Namwera: Kafunso komaliza kwa aphunzitsi. Ndikabisa sheet kuti anthu asaone malipiro, linki yopita kumeneko igwirabe?

Aphunzitsi a ku Malindi: Siigwira, sheet yobisika linki siitsegula mpaka muionetsenso ndi Unhide. Ndipo kubisa si loko, aliyense wodziwa kudina kumanja m'munsi muja aitulutsa, pokhapokha mutatseka structure monga ananenera achimwene a ku Monkey Bay. Malipiro ndi bwino akhale mu fayilo yawoyawo ya pasiwedi.

Anambewe a ku Mpondasi: Ndayesa mayina onse mmodzimmodzi, aliyense akufika pa mzere wake, ndipo ndatseka structure ija. Kwatsala kamodzi. Ndikafika pa mzere wa munthu, ndibwerera bwanji pa Chiyambi msanga? Ma sheet ndi ambiri, ndikumachita kufufuza m'munsimo anthu akudikira.

Akalaliki a pa Boma: Pamwamba pa sheet iliyonse, pa selo yopanda kanthu ya mu mzere woyamba, ikani
=HYPERLINK("#Chiyambi!A1";"Bwererani")
kenako pa View musankhe Freeze Panes, Freeze Top Row, kuti mzerewo uzioneka ngakhale mutsike pansi bwanji. Chiyambi ilibe mpata, ndiye nkhodolero sizikufunika.

Anambewe a ku Mpondasi: Ndaika pa ma sheet onse, ikugwira. Angozo, Lachisanu munditumizire mtengo wa usipa uja.